Mmene pulinta yanga inadulira nyimbo ya mkwatibwi

Pabanja pathu pakakhala ukwati masiku ano, ntchito yanga imadziwika komiti isanakhale n'komwe: kulondera njinga za alendo kunja kwa holo. Amandiuza mwaulemu ndithu, amati pamafunika munthu wokhulupirika. Koma ine ndimadziwa kuti cholinga chawo n'chakuti ndikhale kutali ndi chilichonse chokhala ndi waya. Sindidandaula. Mukamva zimene ndinachita pa ukwati wa mlongo wanga Tiwonge, mwina munena kuti ngakhale njingazo akundikhulupirira mopitirira muyeso.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kashopu pafupi ndi msika wa Lundazi, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wina wogulitsa zitenje. Ndinkataipira anthu zofunsira ntchito, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Chuma changa chonse chinali kompyuta imodzi ndi pulinta imodzi, zimene ndinagula kwa bungwe lina la zaulimi litatseka ofesi yake pa boma. Zinali zitatumikira kale anthu ena mokwanira, koma kwa ine zinali zatsopano, moti madzulo aliwonse ndinkazifunditsa chitenje. Anthu ankanditcha a Kompyuta, ndipo ndisaname, dzinali linkandikomera. (Ndinkayenda ndi kasikuludiraiva m'thumba la malaya, mutu wake ukuonekera, ngakhale popita kutchalitchi.)

Pulintayo inkalumikizidwa ndi chingwe chonenepa ngati chala chachikulu, chokhala ndi mutu wotambalala wa timano tambirimbiri. Mutuwo unkalowa pakhomo lake kumbuyo kwa kompyuta, limene odziwa amalitcha paralelo, n'kumangidwa ndi timasikuluwu tiwiri. Amene anabadwira nthawi ya mafoni sangamvetse mavuto a khomo limenelo. Chilichonse chopita kwa pulinta, ubongo wa kompyuta, umene amati pulosesa, unkachinyamula wokha kachidutswa kamodzikamodzi, n'kuima pakhomopo kudikira kuti pulinta ivomere kuti yalandira, kenako n'kubwerera kukatenga kena. Akakhala mawu okhaokha, zinkatha msanga osazindikira n'komwe. Koma chithunzi ndi timadontho tosawerengeka, ndipo tonseto tinkayenera kudutsa pakhomo lomwelo. Ndiye ukangotumiza chithunzi, kompyuta yanga inkasiya zina zonse. Ukagwedeza mausi, kamuvi kankangokhala pamalo amodzi, kenako n'kudumphira kukona ina. Ukataipa, zilembo zinkabwera mochedwa, zonse nthawi imodzi.

Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe, ndipo ndinali nditazipatsa ndi dzina. Kompyutayo ndinkaitcha mdala, ndiye zikatero ndinkati mdala wakomoka. Mdala akakomoka ndinkatuluka kukagula mtedza wokazinga, kucheza ndi wometa tsitsi, n'kubwerera chithunzi chitatuluka. Chinthu chimodzi chokha sindinachiyesepo, kusindikiza chithunzi kwinaku nyimbo ikulira pa kompyuta yomweyo. Nthawi ya ntchito sindinkaliza nyimbo, chifukwa wailesi ya wometa tsitsi uja inkatikwanira mzere wonse, ofuna ndi osafuna omwe.

Tsopano ndikuuzeni za Tiwonge. Ndi wopondana nane, ndipo ndi munthu woti chilichonse chimene wagwira chimatheka. Amasoka, amasankha fodya kuposa amuna ambiri a ku Mwase kumene tinakulira, ndipo mu kwaya ndiye amene ena amatsamira. Koma kuvina ayi. Miyendo yake ndi ng'oma zinali zosalankhulana chibadwire. Atsikana anzake akalowa m'bwalo la chimtali, iye ankadzipereka kusunga mapatapata a anthu. Ulendo wina aphunzitsi anamukakamiza kulowa, sukulu yonse inaseka mpaka ena kugwira m'mimba, ndipo kuchokera tsiku limenelo ng'oma ikalira iye ankapeza ntchito kukhitchini.

Ndiye taonani kumene mtima wake unakagwera: kwa Zondiwe, mnyamata wofatsa wa banja la Angoni oweta ng'ombe, kumene ngakhale mwana wokwawa amadziwa kuponda ingoma. Komanso maukwati a pa boma ali ndi lamulo lake losalembedwa. Polowa mu holo, anyamata ndi atsikana operekeza, amene timangowatcha a laini, amatsogola akuvina, ndipo mkwati ndi mkwatibwi amabwera pambuyo pawo akuvinanso, anthu onse maso ali pa iwo. Azakhali ake a Zondiwe anali atanena kale, moseka koma mosaseka, kuti akufuna akaone mmene mkamwana wawo amapondera pansi. Mawuwo anafika kwa Tiwonge tsiku lomwelo, monga mmene mawu oterewa amachitira.

Mlongo wanga sanalire. Anangoganiza zophunzira kuvina mmene munthu amawerengera mayeso. Madzulo ndikatseka ntchito, a laini ankasonkhana kuseri kwa shopu yanga pamodzi ndi ametroni, mayi Nyirenda, amene ankawaphunzitsa masitepe, ine n'kuika timasipika pawindo. Anzakewo ankavina ndi thupi, maganizo ali kwina, ena akutafuna chingamu. Tiwonge ng'oma sankaimva, ndiye anamangirira sitepe iliyonse ku liwu la nyimbo. Woimba akatchula liwu lakuti, phazi lamanja kutsogolo. Akatchula lakuti, kutembenuka. Liwu lisanamveke, iye sankasuntha. Poyamba zinkaoneka ngati akuyeza munda, koma patapita masabata zinayamba kuoneka ngati kuvina ndithu. Tsiku lina anamaliza nyimbo yonse osaphonya, ndipo ndinamuona akubisa nkhope m'chitenje kuti tisaone kuti wasangalala. Ine ndinanamizira kuti fumbi landilowa m'maso.

Akuchimuna ankafuna kuitanitsa woliza nyimbo wa ku Chipata, mmodzi wa aja amene amatsitsa nyimbo pakati kuti apereke moni kwa anzawo. Tiwonge atamva, anabwera kushopu kwanga n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

"Adumbu," anatero, poti ndi mmene amandiitanira m'Chitumbuka kuyambira ali mwana, "nyimbo yanga mukalize ndimwe. Uja wa ku Chipata akamba-kamba pakati pa nyimbo. Ine nikaphonya liwu limozi chabe, basi nasokonezeka pamaso pa apongozi."

Ndinadziguguda pachifuwa. Ndinamuuza kuti mtima ukhale m'malo, kuti nyimboyo ikayenda bwinobwino kuyambira pakhomo mpaka pa tebulo lalikulu, ndipo amene angaidule adzayambe wadula ine. Anaseka, n'kundisiyira nthochi ziwiri.

Zikanathera pomwepo, bwenzi lero ndilibe nkhani. Koma mutu wanga sukhala chete. Mnzanga wina wogwira ntchito kumalo osungira nyama zakutchire ku Lukusuzi anali ndi kamera ya kuntchito kwawo yojambulira nyama, yotulutsa zithunzi zoti ukhoza kuwerenga nsidze za munthu. Anavomera kundibwereka. Masiku amenewo anthu ankadikira nthawi yaitali kuti zithunzi za ukwati zikatsukidwe ku Chipata, ndipo zina zinkabwera mkwatibwi ali kale woyembekezera. Ndiye ndinakonza pulani: ndiwajambule m'mawa pakhomo la tchalitchi, ndikasindikize chithunzicho mu holo momwemo, pepala lonse lathunthu, ndipo akangofika pa tebulo lalikulu ine ndichikweze m'mwamba. Ndinkaona kale anthu akuimirira, amalume a Zondiwe akufunsana kuti kodi mnyamatayu ndi wa kwa yani. Ndinkauza mtima wanga kuti imeneyi ndi mphatso ya Tiwonge. Mbali ina inalidi mphatso yake, koma mbali yaikulu inali yanga. Sindinauze munthu aliyense, kuopa kuti wina angandipatse nzeru.

Tsikulo linafika, Loweruka la dzuwa lowala bwino, anthu atakolola ndipo mitima ili pansi. M'mawa ndinanyamula mdala ndi pulinta yake pa wilibala kupita ku holo. Ndinalumikiza zonse ku masipika akuluakulu obwereka, ndipo poganizira kuti anthu akhoza kukodwa pa mawaya, timasikuluwu ta chingwe cha pulinta tija ndinatimanga ndi mphamvu zanga zonse. Kenako ndinapita kukavala suti. Amayi atandiona ndikulowetsa sikuludiraiva m'thumba la jekete, anaitulutsa okha n'kuiika pamwamba pa kabati. Anati tsiku limodzi lokha ndioneke ngati mlongo wa mkwatibwi, osati wokonza mawailesi. (Amayi amakana mpaka lero kuti ali ndi mbali pa nkhaniyi, ndipo ine sindilimbana nawo.)

Kutchalitchi zonse zinayenda bwino. Chithunzi ndinajambula, ndipo chinali chithunzi. Tiwonge anali akumwetulira mwamanyazi, Zondiwe ataima njo mu suti yomuthina pang'ono m'mapewa, kumbuyo kwawo denga la tchalitchi ndi thambo lopanda mtambo. Ndinathamangira ku holo n'kuchilowetsa mu kompyuta. Ndinkafuna kuchisindikiza nthawi yomweyo anthu asanadzaze, koma lole yonyamula anthu a kwathu ku Mwase inali itafika kale. Azimayi a kumudzi ataona nkhope ya Tiwonge pa sikirini anandizungulira. Aliyense ankafuna aone, aliyense ankaitana mnzake, monire apa, muli uli apo, ndipo ine m'malo mowathamangitsa ndinayamba kuwafotokozera mmene kamera imagwirira ntchito. Ndinawaonetsa ndi zithunzi za njati zimene mnzanga anaiwala kufufuta. Pamene ndinkadzidzimuka, holo inali itadzaza, woyendetsa mwambo akuyesa maikolofoni, ndipo galimoto ya akwati inali ikuliza hutala panja.

Munthu wanzeru akanasiya zachithunzizo. Ine ndinawerengera mwamsanga m'mutu kuti nyimboyo ndi yaitali, holo ndi yaitali, ndipo a laini amayenda pang'onopang'ono, ndiye chithunzi chikhoza kutuluka pa nthawi yake yeniyeni. Ndinaika pepala lonyezimira mu pulinta. Pa zosankha za kukongola kwa chithunzi ndinasankha chapamwamba kwambiri, chimene ngakhale kushopu ndinkachiopa. Mlongo wanga sakanatuluka pa pepala ngati kalata ya msonkho.

Woyendetsa mwambo anandikodola, ine n'kuyatsa nyimbo. Inalira bwino zedi, moti mazenera ankanjenjemera. A laini analowa awiriawiri, atsikana atavala zobiriwira, anyamata mataye ofanana, mayi Nyirenda ali m'mbali kuwayang'anira ndi diso lakuthwa. Kenako pakhomo panaoneka choyera. Tiwonge analowa atagwira mkono wa Zondiwe, ndipo phazi lake loyamba linagwera pa liwu lake lenileni. Lachiwirinso chimodzimodzi. Mtima wanga unadzaza, ndinanyada ngati ndine ndamuphunzitsa. Ndipo ndili m'kati monyadamo, chala changa chinadina kuti chithunzi chipite.

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu, moti ndinadziyamikira. Kenako pulinta inakhosomola, n'kumeza pepala, ndipo woimba uja anaima pakati pa liwu. Holo yonse inangoti zii. Ndisanapume n'komwe nyimbo inabwerera pomwe inasiyira, n'kuyenda pang'ono, n'kuimanso. Pulinta ikafuna chakudya, nyimbo inkafa. Ikakhuta n'kuyamba kupaka mzere wake, nyimbo inkadzuka. Mdala anali atakomoka pamaso pa anthu onse a mbali ziwiri, ndipo ankangotsitsimuka pang'ono n'kukomokanso. Apa m'pamene ndinakumbukira zonse zimene ndakufotokozerani zija, za khomo ndi timadontho, zimene ndinkafotokozera makasitomala mwamatama. Thukuta linatsika kuchokera m'khosi mpaka m'masokosi.

Ndinangoponya diso kamodzi kwa a laini, ndipo zimene ndinaona zinandikwanira. Anthu ovina ndi thupi saima nyimbo ikaima, thupi limapitirira lokha. Ndiye nyimbo ikabwerera inkawapeza ali patsogolo, iwo n'kubwerera m'mbuyo kuti aipeze, iyo n'kuimanso. Mnyamata wotsogola, amene ankadzitama kuti anavinapo pa maukwati a ku Lusaka, anatembenuka yekha n'kuwombana mphumi ndi mtsikana wake. Nsapato ya wina inatsetsereka mpaka pansi pa mipando ya akuchimuna. Kumbuyo kwenikweni, kumene kunali Tiwonge, sindinayerekeze kuyang'anako. Ndinaweramira pa sikirini ngati muli mankhwala.

"A Kompyuta, suzgo ni vichi apo?" anafunsa woyendetsa mwambo m'Chitumbuka kuti vuto n'chiyani, pa maikolofoni, kuti ngakhale amene sankadziwa wolakwa amudziwe.

Ndinagwira mausi kuti ndiletse kusindikizako. Kamuvi sikanasunthe. Ndinagwedeza, ndinamenyetsa pa tebulo, kenako kanatulukira kukona ya kumwamba kumene sindinakatume. Ndinadina mabatani onse amene ndinkawadziwa ndi ena amene sindinkawadziwa. Nthawi yonseyi nyimbo inkangoti kuyenda, kuima, kuyenda, kuima. Ndiye kumbuyo kwanga kunayamba phokoso, nthungululu, malikhweru, anthu kuwomba m'manja. Ine ndinamva ngati akutiseka, ine ndi mlongo wanga, ngati mmene sukulu ija inasekera. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinalumbira mumtima kuti zivute zitani ndimupulumutsa.

Nzeru imene inandibwerera inali yakuti ndichotse chingwe. Pulinta ikachoka, ndinaganiza motero, mdala alibenso choti azidyetsa, abwerera ku nyimbo. Ndinalowa pansi pa tebulo ndi suti yanga, maondo pa simenti. Ndinakoka chingwe, osatheka. Timasikuluwu tija tinali titagwira mmene ndinatimangira ine mwini. Dzanja linapita lokha m'thumba la jekete n'kupezamo mpango wokha. Ndinayesa ndi zikhadabo, chimodzi chinathyoka. Ndinatulutsa mkono n'kupapasa pa tebulo loyandikana nalo mpaka ndinagwira supuni ya munthu, n'kuyamba kupotokola ndi chogwirira chake. Zinanditengera nthawi, ndipo phokoso la anthu linkangokulirakulira, ine n'kumafulumira kwambiri. Kamodzi kanamasuka, kenako kachiwiri. Ndinazula chingwecho ngati ndikuzula chinangwa.

Mdala sanabwerere ku nyimbo. Anaima pakhomo paja ndi katundu m'manja, kufunsa pulinta imene kunalibe ngati yalandira, ndipo poti palibe ankayankha, sanachokepo. Woimba anakakamira pa kachidutswa kamodzi ka liwu, bwe-bwe-bwe-bwe, osatha, pa masipika aakulu aja, mpaka makanda anayamba kulira. Apa mutu unaima. Ndinapapasa batani lozimitsira n'kulikanikiza mpaka zonse zinafa.

Ndinatuluka pansi pa tebulo, kangaude ali m'tsitsi, chingwe kudzanja ili, supuni kudzanja linalo. Ndipo ndinayang'ana kumene ndinkaopa kuja.

Tiwonge anali pakati penipeni pa holo, yekha. A laini anali atapatukira m'mbali, ngakhale Zondiwe anali kumbuyo pang'ono manja ali m'mwamba ngati amawomba. Patsogolo pake, pansi, panali zitenje zoyalidwa, ndipo azakhali a Zondiwe anali chiimire pafupi naye. Phazi lake lamanja linali m'mwamba, kudikira liwu lotsatira. Nkhope yake inali yowala mmene sindinaionerepo, ndipo ankayang'ana ine, osati mokwiya, koma mmene munthu amayang'anira amene akudziwa kuti samugwiritsa mwala. Ankadikira kuti nyimbo ibwerere monga inkachitira.

Ndinayatsanso kompyuta. Amene munagwirapo makompyuta akale mukudziwa zimene amachita ukawazimitsa mwachipongwe. Sikirini inasanduka yabuluu, mdala n'kulengeza kuti sanazimitsidwe bwino, ndiye ayamba wafufuza kaye ngati zonse zili m'malo. Kamzere kanayamba kukwawa pansi pa sikirini, mosafulumira, mopanda chisoni. Ndinakapempha, ndinakatukwana chamumtima, koma sikanandimve.

Phazi la Tiwonge linatsika pang'onopang'ono. Azakhali a Zondiwe, pofuna kuthandiza, anayambitsa nyimbo ya kwawo ndi m'manja, azimayi onse n'kuilandira. Inali nyimbo yabwino, ndipo a laini anaikwera nthawi yomweyo. Koma mu nyimbo imeneyo munalibe liwu ngakhale limodzi limene mlongo wanga analimangirira sitepe. Anayesa kamodzi, phazi linagwera pena, anayesanso, kenako anaweramitsa mutu n'kuyenda wamba kudutsa pa zitenje zija mpaka pa tebulo lalikulu. Anthu ambiri anaona ngati ndi ulemu wa mkwatibwi, ena mpaka anayamikira kuti analangidwa bwino. Ine ndinkadziwa kuti si ulemu, ndipo ndinalakalaka simenti ija itang'ambika ndilowemo.

Musaganize kuti mdala anali atamaliza nane. Abusa anaimirira kuti atsegule ndi pemphero, anthu onse n'kutseka maso. Pemphero lili pakati, kompyuta inamaliza kudzifufuza, n'kuliza kanyimbo kake kodzukira kaja pa mphamvu yonse ya masipika, amene ndinaiwala kutsitsa. Akuluakulu ena a kumbuyo anayankha kuti ameni poganiza kuti pemphero latha. Abusa anatsegula diso limodzi, n'kupitiriza. Asanafike patali, mdala analiranso kuti ngwee, kudandaula kuti pali chithunzi chimene sichinathe ndipo pulinta sakuiona. Apa mayi Nyirenda anabwera okha n'kuzula pulagi kukhoma. Mwambo wonse wotsala unayenda ndi wailesi ya kaseti ya woyendetsa lole ya ku Mwase.

Mu pulinta ndinapezamo pepala lotuluka theka. Panali thambo lokongola kwambiri, denga la tchalitchi looneka lata lililonse, ndi mphumi ziwiri. Ndinalipinda n'kuliika m'thumba. Chakudya sindinadye. Pa nthawi yopereka moni kwa akwati ndinadzipezera ntchito yonyamula mipando, ndipo dzuwa lisanalowe ndinali ndikukankha wilibala yanga kubwerera kumsika, ndikudutsa njira za kuseri.

Kwa masabata angapo ndinamuzemba Tiwonge. Anali atapita kumudzi kwa mwamuna wake, ndipo amayi akati tiyeni tikamuone ndinkati ntchito yachuluka. Kumsika nkhani inali itafika ine ndisanafike. Wometa tsitsi ankati akandiona ndikutsegula shopu, amayamba kuvina n'kuima mwadzidzidzi, kasitomala ali pampando mutu wometedwa theka. Zimenezo ndinkapirira. Chimene chinkandidya chinali nkhope ija, ndi phazi lija lili m'mwamba.

Tsiku lina m'mawa ndikutaipa pulogalamu ya maliro, ndinangoona mthunzi pakhomo. Anali iye, atavala chitenje chatsopano ndi duku, atanyamula kathumba ka mtedza. Anakhala pa benchi paja. Tinapatsana moni wautali kuposa masiku onse, ndinafunsa za apongozi, za ng'ombe, za mvula imene inali isanayambe n'komwe, mpaka mafunso anandithera. Ndiye ndinayamba kupepesa. Ndinafotokoza za kamera, za pepala lonyezimira, za pulosesa ndi khomo lake, ndipo ndinavomera kuti sindinayenera kutumiza chithunzi nyimbo yake ikulira. Ndinati ndikudziwa kuti kuimaima kwa nyimbo kuja kunamuchititsa manyazi pamaso pa apongozi, ndipo ndinayesetsa kuti ndikuthetse msanga.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuona munthu amene wabwera pa maliro olakwika. Kenako anandifotokozera zimene holo yonse inaona kupatula ine. Nyimbo ikaima, iye ankaima, poti liwu silinamveke. Ikabwerera, phazi lake linkagwera pomwepo, ndendende, pamene akatswiri onse aja ankawombana. Anthu anaganiza kuti ndi kavinidwe katsopano kamene mkwatibwi yekha ndiye wakadziwa. A laini anachita kumupatukira. Azakhali a Zondiwe anavula zitenje zapamwamba n'kumuyalira, akufuula kuti mkamwana wawo amaponda ngati Mngoni.

"Nthungululu zija zenze zanga, Adumbu," anatero motsitsa mawu. "Chibadwile sin'namvelepo anthu akuniimbila nthungululu chifukwa cha kuvina. Nenze n'tayamba kumvela bwino. Sembe munaileka chabe isilize."

Ankatanthauza kuti ndikanangoisiya nyimboyo ifike kumapeto. Ndinali nditakonzekera kukhululukidwa pa mlandu wina, osati uwu. Pa zonse zimene ndinachita tsiku lija, chimene chinamulanda mlongo wanga nthawi yake sichinali kulakwitsa kuja, chinali kukonza. Ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale pansi pa tebulo paja, ndipo ndinangoyang'ana zala zanga, china chikadali ndi chikhadabo chothyoka.

Tiwonge anasintha nkhani. Anati popeza chithunzicho chinavutitsa anthu chonchi, akufuna achione chonse, akachipachike kunyumba kwake. Ndinasiya pulogalamu ya maliro ija, ndinaika pepala lonyezimira lomaliza limene ndinali nalo, n'kutumiza. Mdala anakomoka monga mwa masiku onse. Sindinapite kukagula mtedza, tinkadya wa Tiwonge, titakhala pa benchi limodzi, kuonerera thambo likutuluka mzere umodziumodzi, kenako denga, kenako mphumi. Ndinakhalira manja anga onse awiri, ndipo ndinamuuza kuti ndaphunzira, kuti kuyambira lero chinthu chikamayenda, ngakhale motsimphina, ndizichisiya chifike.

Itafika pa maso a akwati, pulinta inaima. Inakhala chete nthawi yaitali kuposa mmene inkachitira, kagetsi kake kakungophethira. Ndinadikira. Ndinadikiranso pang'ono. Kenako ndinangoona dzanja langa lamanja latuluka lokha pansi pa ntchafu, likulowera ku mausi, kuti ndingoona chabe ngati mdala akadali moyo.

Tiwonge sanatembenuke n'komwe. Anangolimenya kuti phwa, maso ali pa pepala.

"Adumbu, lekani."